Mankhwala akamasowa pachipatala cha kwanu: momwe mungachitire kuti dandaulo lanu limveke

Kuchipatala cha boma sitilipira, koma mawu aja tonse timawadziwa: "Mankhwalawa atha, mukagule ku famase." Mayi wayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, wakhala pamzere kuyambira m'mawa, adokotala alemba amoxicillin m'kabuku, koma pawindo akumupatsa panado yekha. Amadandaula m'njira, kumjigo, ngakhale pamaliro. Dandaulo lake ndi loona. Chomwe chimavuta n'chakuti silifika kwa munthu amene angasinthe zinthu, ndipo likafika limakhala lopanda tsiku, lopanda dzina la mankhwala, lopanda chiwerengero. Dandaulo lotero ndi losavuta kuliyankha kuti "tifufuza", nkhani n'kuthera pomwepo.

Ufulu wofunsa muli nawo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma liziyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo, ndipo gawo 30 limati anthu onse akhale ndi mwayi wofanana wopeza chithandizocho. Chotsala ndi kudziwa kafunsidwe.

Yambani ndi vuto limodzi

Msonkhano woyamba pamudzi umatulutsa mavuto ambiri: ambulansi ilibe mafuta, chipatala chimatsegulidwa mochedwa, kuchikuta kulibe magetsi, namwino alipo mmodzi. Zonsezi zilembeni, koma musankhe chimodzi. Mukapita nazo zonse kwa akuluakulu, iwo amasankha chophweka n'kuchiyankha, zinazo n'kuziiwala. Pano titsata vuto la mankhwala, koma njira yake ndi yomweyi pa mavuto enawo.

Gulu lotsogolera likhale la anthu 8 mpaka 12, amayi asachepere theka. Mukhale wa kumpingo ndi wa kumzikiti ngati uliko, wachinyamata, munthu waulumali, ndi mmodzi wa m'gulu la anthu olandira ma ARV, chifukwa amenewa amafika pachipatala kawirikawiri ndipo amaona zambiri. Kauzeni nyakwawa ndi a gulupu musanayambe. Nsalu ndi malaya a chipani zitsale kunyumba. Tsiku limene gulu lidzaoneke kuti ndi la chipani chakuti, ndi tsiku lomwe makalata anu adzasiye kuwerengedwa.

Musapikisane ndi makomiti omwe alipo kale. Pamudzi pali komiti ya zaumoyo yomwe imagwira ntchito ndi mlangizi wa zaumoyo, HSA. Pachipatala pali komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, yomwe kale inkatchedwa HAC ndipo tsopano ambiri amati HCMC. Komiti imeneyi ndiyo khomo lanu loyamba, chifukwa ndi yovomerezeka kuona nawo mankhwala akamafika. Ngati inagona, kapena mamembala ake akhalapo zaka zambiri osasankhidwanso, ntchito yoyamba ndi kupempha a T/A ndi komiti ya chitukuko ya ADC kuti iutsidwe.

Kope la umboni

Apa m'pamene pagona mphamvu yonse, choncho musafulumire. Gulani kope lolimba chikuto, mulilembe mizere yotsika isanu ndi umodzi: tsiku, mudzi, wodwala ndi mwana kapena wamkulu, mankhwala omwe alembedwa, omwe wapatsidwa, ndi ndalama zomwe wawononga kukagula kwina kuphatikizapo ya kabaza. Anthu awiri azisinthana kukhala kunja kwa mpanda wa chipatala, masiku atatu pa sabata, kwa masabata 4 mpaka 6. Lolemba lisaphonyeke chifukwa odwala amachuluka. Sabata imodzi si yokwanira, chifukwa mutha kugwera nthawi imene galimoto yangotsitsa kumene katundu n'kuona ngati zonse zili bwino. Masabata angapo amaonetsa kuti mankhwala amatha patapita masiku angati chifikireni.

Pemphani kaye chilolezo kwa wodwala, ndipo akakana musamukakamize. Dzina lake musalembe, matenda ake musafunse, ndipo kabuku kake ka kuchipatala musakajambule ndi foni. Chithunzi chimodzi chikangolowa pa WhatsApp, mudzi wonse udziwa matenda a munthu, ndipo palibenso adzakuyankhuleni. Koperani dzina la mankhwala lokha. Ngati zolemba za adokotala sizikuwerengeka, lembani kuti sizinawerengeke, osati kungoganizira.

Lembaninso amene alandira mankhwala onse bwinobwino. Ambiri amaiwala zimenezi, kope n'kudzaza ndi osowa okhaokha, ndipo aliyense wodziwa kuwerengera amalikana nthawi yomweyo. Tiyerekeze kuti mwafunsa anthu 120 ndipo 45 anabwezedwa. Kunena kuti "45 mwa 120" kumaluma kwambiri kuposa kunena kuti "anthu ambiri".

Pezani pomwe padukira

Mankhwala safika okha. Mwezi uliwonse chipatala chaching'ono chimatumiza lipoti kwa woyang'anira mankhwala kuchipatala chachikulu cha boma lanu, losonyeza zomwe zagwiritsidwa ntchito ndi zomwe zatsala. Kumeneko amaitanitsa ku nkhokwe ya mankhwala ya dziko lonse, Central Medical Stores Trust, ndipo galimoto imabweretsa katundu ndi pepala lotchedwa delivery note. Akalowa mu famase, mtundu uliwonse wa mankhwala uli ndi stock card yake, pomwe amalemba zolowa ndi zotuluka. Ena monga LA wa malungo ndi ma ARV amagulidwa kwambiri ndi ndalama za mabungwe akunja, n'chifukwa chake mutha kupeza LA alipo pamene amoxicillin kulibe.

Njirayi imaduka m'malo anayi. Mwina lipoti linachedwa kapena linalembedwa molakwika. Mwina ndalama zogulira mankhwala za boma lanu zachepa. Mwina ku Central Medical Stores mankhwalawo kulibe, ndiye anatumiza ochepa poyerekeza ndi omwe anaitanitsidwa. Kapena anafika onse koma atulukira khomo lakuseri. Vuto lililonse lili ndi mwini wake, ndipo kulusira namwino pa mankhwala omwe sanachoke n'komwe ku Lilongwe ndi kumulakwira.

Mungasiyanitse bwanji? Wa HCMC afananize zinthu zitatu: zomwe zinaitanitsidwa, zomwe zili pa delivery note, ndi zomwe zalembedwa pa stock card. Ngati zobwera ndi zochepa kuposa zoitanitsa, vuto lili kumtunda. Ngati delivery note ikuti mabotolo 10 koma stock card ikuti 6, vuto lili pompano. Galimoto ikafika, wa komiti awerenge makatoni akutsitsidwa, aone ngati ena anang'ambidwa n'kumatidwanso, atsegule n'kuwerenga zam'kati, aone tsiku lothera mphamvu, kenako asaine. Chimene chimaononga kawirikawiri ndi ichi: galimoto yafika madzulo, dalaivala akuti akuthamangira kwina, ndipo wapampando amubweretsera pepala kunyumba mawa lake kuti asaine zomwe sanaone. Siginecha yotere imaphimba wakuba. Khalani ndi mamembala awiri kapena atatu okhala pafupi, oti akaimbiridwa foni afike msanga.

Khalani pansi ndi ogwira ntchito

Musanalembe kalata kulikonse, pitani kwa a inchaji ndi kope lanu, anthu atatu okha, nthawi ya masana mzere utatha. Aonetseni zomwe mwapeza, muwafunse zomwe iwo akuona. Nthawi zambiri mudzapeza kuti nawonso atopa kubweza odwala, koma sangadzudzule mabwana awo poyera. Inu mungathe.

Kenako konzani bwalo. Njira yomwe yathandiza m'madera ambiri ndi ya Community Score Card, yomwe bungwe la CARE linayambitsa kuno ku Malawi mu 2002. Amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa zinthu monga kupezeka kwa mankhwala, nthawi yotsegulira ndi ulemu, n'kunena chifukwa chake. Ogwira ntchito pachipatala nawo amadzipatsa malikisi paokha. Tsiku la bwalo mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu, khansala ndi nthumwi ya ku ofesi ya zaumoyo. Amayi aziyamba paokha chifukwa pamaso pa amfumu ndi amuna awo, zambiri za kuchikuta sazinena.

Wotsogolera bwalo akhale munthu wolemekezeka kumbali zonse, ndipo aletse kutchula munthu dzina pagulu. Musabalalike popanda pepala lalikulu lolembedwa zinthu zitatu: chichitike n'chiyani, achite ndani, pofika liti. "Boma liganizirepo" si lonjezo. "A inchaji azimata pakhomo mndandanda wa mankhwala omwe afika, tsiku lomwelo" ndi lonjezo, ndipo silifuna ndalama.

Kalata yopita ku boma

Zomwe zakanika pachipatala zipite kwa mkulu wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu m'boma lanu, DHSS, amene ambiri timamutchabe DHO. Kalata isapitirire tsamba limodzi. Munene kuti ndinu ndani, munafufuza kuyambira liti mpaka liti, munapeza chiyani, ndi mankhwala ati omwe akusowa kwambiri. Pemphani zinthu zosaposa zitatu, ndipo mutchule tsiku lomwe mudzabwere kudzamva yankho. Asaine wapampando wa gulu, wa HCMC ndi mfumu, chidindo cha mfumu chikhalepo. Makope apite kwa bwanamkubwa, khansala, phungu ndi wapampando wa ADC.

Kaperekeni pamanja, mutanyamula makope awiri. Mlembi wa mu ofesi adinde ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Popanda chidindo chimenechi, mwezi wamawa mudzauzidwa kuti kalatayo sinafike.

Ngati akubisa ziwerengero, lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakulolani kupempha polemba, ndipo ofesi iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Funsani zinthu zenizeni: ndalama za mankhwala zomwe boma lanu linapatsidwa chaka chino, ndi zomwe chipatala chanu chinaitanitsa ndi kulandira m'miyezi itatu yapitayi. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli.

Dziwaninso nyengo. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndiye zofuna ndalama, monga nyumba ya namwino kapena sola ya kuchikuta, zilowe kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, ndi ADC chaka chisanathe, makhonsolo asanamange bajeti. Mukabwera mu May mudikira chaka china. Khansala wanu mumupatse mfundo zolembedwa kuti akazitule ku komiti ya makhansala yoona zaumoyo. Phungu mumukumbutse kuti mu 2001, ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti chaka chino tafika pati.

Makomo ena

Kunyozedwa, kubwezedwa popanda chithandizo kapena kuuzidwa kulipira pachipatala cha boma, kaneneni kwa Hospital Ombudsman, wolandira madandaulo a odwala pachipatala, ndipo zikakanika pitani ku ofesi ya Ombudsman. Kulakwitsa pantchito kwa dokotala ndi nkhani ya Medical Council of Malawi, kwa namwino kapena mzamba ndi ya Nurses and Midwives Council of Malawi. Kuba mankhwala ndi nkhani ya apolisi, ndipo ngati pali ziphuphu, ya ACB. Pamenepa samalani, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka: wogulitsa mankhwala a boma pamsika kawirikawiri ndi m'bale wa wina m'gulu lanu lomwelo. Umboni wake usungidwe ndi anthu awiri okha, ndipo musapite kukagwira munthu nokha.

Ngati chipatala chapafupi ndi cha mishoni, cha pansi pa CHAM, funsani a DHSS ngati chili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa ulere, ndiponso kuti mgwirizanowo ukukhudza chithandizo chiti. Amayi ena amalipira zomwe boma linayenera kuwalipirira chifukwa palibe anawauza.

Wailesi ndi zionetsero

Izi zibwere makalata atalephera, osati poyamba. Wailesi ya m'dera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji kapena Dzimwe ku Mangochi, imamveka ndi anthu omwe akuvutikawo pamodzi ndi akuluakulu a boma lomwelo. Pitani ndi ziwerengero ndi kope lodindidwa lija, ndipo mupemphe mtolankhani aitanenso a DHSS adzayankhe. Osatchula munthu kuti ndi wakuba pawailesi kapena pa Facebook. Mudzasumiridwa, ndipo nkhani ya mankhwala idzasanduka nkhani ya mlandu wanu. Mabungwe ngati Malawi Health Equity Network angakuthandizeni kufikitsa nkhani ku likulu, makamaka madera angapo akabwera ndi umboni wofanana.

Mukaganiza zoyenda kukapereka chikalata, lamulo la apolisi limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa polemba, patatsala maola osachepera 48. Sankhani okhazikitsa bata pakati panu, ndipo musatseke chipatala kapena kuthamangitsa ogwira ntchito. Kumene anthu anachitapo zimenezi, ogwira ntchito amachotsedwa poopa chitetezo chawo, ndipo ovutika amakhala amayi oyembekezera a m'dera lomwelo.

Katundu akabwera pambuyo pa kalata yanu, kope lisatsekedwe. Galimoto imodzi yotumizidwa kudzaziziritsa mitima imatha m'masabata ochepa. Pitirizani kulemba tsiku limodzi pa sabata, ndipo pakatha miyezi itatu itanitsaninso bwalo, muwerenge pepala la malonjezo mzere ndi mzere, aliyense wotchulidwa ayankhe za gawo lake. Za ndalama gwirizanani poyambirira kuti palibe alawansi: muzisonkha ya thiransipoti ya anthu awiri opita ku boma, ndipo msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka pamsonkhano uliwonse.