Mutu uliwonse si malungo

Okutobala akafika kuno kuchigwa, ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo odandaula mutu amachuluka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mutu ukangowawa amati ndi malungo, n'kukapempha LA wotsala kwa mnansi. Malungo alipodi kuno, koma amatsimikizika ndi magazi. Kubayitsa chala kuchipatala cha boma n'kwaulere, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola.

Munthu amene watandala kudimba kapena m'munda wa thonje, kawirikawiri mutu wake ndi wa ludzu. Onani mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Lawirirani kumunda, nyamulani chigubu cha madzi abwino, ndipo dzuwa likafika paliwombo pumani pamthunzi.

Mutu waching'alang'ala ndi wina. Umakonda kugwira mbali imodzi, umagunda ngati ng'oma, umadza ndi nseru, ndipo wodwala safuna kuwala kapena phokoso. Ena amayamba kaye kuona zothwanima m'maso. Ukagwira umakhala maola 4, mwina mpaka masiku 3, ndipo umavuta kwambiri amayi, ena akamayandikira kusamba. Musadikire kuti ukule. Wamkulu amwe Panado 2 wa 500mg pomwe wayambira, agone m'nyumba mwamdima, nsalu yonyowa pamphumi. Asapitirire mapiritsi 8 patsiku, ndipo ana musawapatse Aspirin. Kumbukiraninso chimene chinachitika usanayambe: kodi munagonera njala, simunagone, kapena munamwa kachasu? Zimenezi n'zimene adokotala adzakufunseni.

Ndikudziwa kuti agogo athu amatema mphini m'mbali mwa mutu. Chonde, lumo loyenda pa anthu angapo limafalitsa matenda, ndipo mutuwo umabwereranso. Nawonso mapiritsi a pagolosale akamamwedwa pafupifupi tsiku ndi tsiku, amayambitsa mutu wawo wosatha.

Pali mutu wina wosagonera. Wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, wodza ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kukomoka, kukhota pakamwa kapena kufooka mbali imodzi, funani kabaza kapena galimoto nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera amene mutu ukumuwawa, nkhope yatupa ndipo akuona mwachimbuuzi, akayezetse BP tsiku lomwelo, ngakhale tsiku la sikelo lisanakwane.