Kakonzedwe ka imelo ya kampani yakale ya intaneti pa foni kapena kompyuta yatsopano

Maofesi ena muno mu Lilongwe, ku Old Town ngakhalenso ku City Centre, akugwiritsabe ntchito adiresi ya imelo imene anatsegula kalekale ku kampani yowapatsa intaneti, ndipo adiresi yotere siyotaya wamba chifukwa ndi imene makasitomala anaizolowera. Vuto limabwera mukagula chipangizo chatsopano, popeza mapulogalamu a imelo, Outlook ndi Thunderbird, kawirikawiri amalephera kupeza okha seva (kompyuta yolandira ndi kutumiza makalata) ya kampani yaing'ono, choncho zonse muyenera kulemba nokha.

Musanakhudze chilichonse, onani ngati kompyuta yakale imalandira makalata kudzera pa POP3, njira yowatsitsira kuchokera pa seva. Ngati ndi choncho, n'kutheka kuti makalata a zaka zonsezi ali m'kompyutamo mokha, chifukwa POP3 imatha kuwafufuta pa seva ikawatsitsa. Outlook imawasunga mu fayilo ya .pst, ndipo ndikukupemphani kuti muikopere pa flash tsiku lomwelo. Koperaninso mayina a seva yolandirira ndi yotumizira monga mmene alembedwera, osawalota.

Polandira makalata sankhani IMAP, njira imene imasunga makalata pa seva, ngati kampaniyo ili nayo, pa port (nambala ya khomo lolowera pa seva) 993 ndi SSL (njira yobisira zimene zikutumizidwa), kuti foni ndi kompyuta zizionetsa makalata ofanana. Ngati ilipo ndi POP3 yokha, ikani 995 ndipo chongani kuti makalata azitsalanso pa seva. Ma port akale, 143 ndi 110, akakhala opanda STARTTLS, njira inanso yobisira, amatumiza pasiwedi yosabisika. Kumbukiraninso kuti malo osungira makalata pa seva zoterezi amakhala ochepa, ndipo akadzaza, makalata atsopano amabwerera kwa eni ake inu osadziwa.

Kutumiza ndiye kumasautsa ambiri. Makonzedwe akale a SMTP, njira yotumizira makalata, ankadalira port 25, imene ma netiweki ambiri anaitseka pofuna kuchepetsa spam (makalata osafunika otumizidwa mwachisawawa), n'chifukwa chake imelo imatha kutuluka bwino muli mu ofesi koma n'kukanika mukakhala pa bandulo ya foni. Ikani 587 ndi STARTTLS, kapena 465 ndi SSL, ndipo lolani kuti seva yotumizira izifunsa dzina ndi pasiwedi. Pa dzinapo yambani ndi adiresi yonse. Ikakana, yesani mbali ya kumanzere kwa @ yokha.

Chenjezo la satifiketi (chiphaso chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni) likatuluka musangolidutsa, imbirani kampaniyo ikuuzeni dzina lenileni la seva. Mukatha, dzitumizireni kalata kawiri, koyamba pa Wi-Fi ya mu ofesi, kachiwiri pa bandulo.