Galimoto ikapendekeka, tengani tepi musanathamangire kogula kompuresa

Ambiri mwa ife Amalawi a ku Harare kuno timadyera m'magalimoto. Ena tikukonza ku Gazaland ku Highfield, ena m'mbali mwa Kaguvi Street, enanso tikuyendetsa za mabwana ku Borrowdale. Ndikulembera nonsenu za vuto limene ndikuona likudya ndalama za anthu popanda chifukwa. Ndi vuto la magalimoto okhazikika pa mpweya m'malo mwa masipuling'i, monga Range Rover, Discovery 3, Mercedes ya Airmatic, Touareg ndi Prado zina zokhala ndi matumba a mpweya kumbuyo.

Galimoto yotere siidziwa yokha kutalika kwake kuchokera pansi. Imauzidwa ndi sensa, kabokosi kakuda kocheperapo kuposa chibakera, komangidwa ku chasisi pafupi ndi tayala. Kabokosika kali ndi kamkono, ndipo kamkonoko kamalumikizidwa ndi kandodo kakafupi ku chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika limodzi ndi tayala. Tayala likayenda, kamkono kamatembenuka, sensa n'kutumiza uthenga ku kompyuta. Kompyutayo ikamva kuti mbali ina yatsika, imalamula kompuresa, yomwe ndi pampu ya mpweya, kuti ipope mpweya m'matumba amene amanyamula galimoto. Ikamva kuti yakwera, imatulutsa mpweya. Ndiye sensa ikanama, kompyuta imamvera bodzalo ndi mtima wonse. Mupeza galimoto yatukula mphuno, kapena yagwada mbali imodzi ngati ng'ombe yothyoka mwendo, nyali yochenjeza itayaka pa dashibodi, kompuresa ikulira kosalekeza.

Vuto n'lakuti thumba lobooka limaonetsanso zizindikiro zomwezi. Choncho ntchito yoyamba ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndipo chida chake ndi tepi yoyezera ndi kapepala basi.

Imikani galimoto pamalo osalala, pa simenti osati pa dothi, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kuchokera pakati penipeni pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi, ngodya zonse zinayi, ndipo mulembe. Kenako zulani fyuzi ya sasipenshoni, chifukwa magalimoto ena monga Range Rover amadzuka okha usiku n'kudziwongola, motero amabisa pamene pali vuto. Mawa m'mawa yezaninso. Ngodya imodzi ikatsika usikuwo, mpweya ukutuluka penapake: sungunulani sopo m'madzi, wazani pa thumba ndi polumikiza mapaipi, pomwe pabooka padzatuluka thovu. Sensa musaikhudze. Koma galimoto ikagona ili chilili, n'kuyamba kupendekeka mutangobwezera fyuzi ndi kuliza injini, pamenepo maso onse akhale pa sensa.

Musanalowe pansi, chonde abale anga, ikani zochirikizira zachitsulo pansi pa chasisi. Jeke yokha si yokwanira, njerwa ndiye ayi. Galimoto ya mpweya imatha kutsika yokha nthawi iliyonse, makamaka mukagwedeza kamkono ka sensa kompyuta ili maso, ndipo matani oposa awiri a Discovery sapatsa munthu mpata wothawa. Nkhani imeneyi ndimaibwereza kwa mnyamata aliyense amene ndimamuphunzitsa, ngakhale atatopa nayo.

Mukalowa, yang'anani kandodo kaja poyamba. M'mene ndaonera ine, nthawi zambiri sensayo imakhala ilibe mlandu. Kandodoka kamakhala ndi timitu tapulasitiki kapena tamphira kumapeto kwake, ndipo maenje a m'misewu yathu, makamaka mvula ikayamba mu Novembala, amatithyola kapena kutizula. Mwezi wathawu mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi anabwera ndi Discovery ya abwana ake itagwada kumanzere kutsogolo. Anali atauzidwa kale kwina kuti pakufunika kompuresa yatsopano, ndipo nkhope yake inali yogwa poganiza zokanena kwa abwanawo. Titachotsa tayala tinapeza kandodo kakulendewera, kamutu kake katang'ambika, matope ofiira atauma n'kumata kamkono konse. Tinatsuka ndi burashi, tinaika kandodo kena, galimoto inadzuka yokha ife tikuona.

Onaninso kachitsulo kamene sensa yamangidwapo, ngati kapindika ndi mwala kapena kamasuka. Palinso china chimene chimachitika kawirikawiri kokonzetsa matayala: galimoto ikanyamulidwa magudumu n'kulendewera kwambiri, kamkono kamatha kugudubukira mbali yolakwika. Yerekezani ndi ka mbali inayo, muone ngati tikuloza mofanana. Mwini galimoto akanena kuti vuto layamba atangosinthitsa matayala kapena mabuleki, yambirani pamenepa.

Zonsezi zikakhala bwino, zulani pulagi ya sensa. Mukaona zobiriwira m'kati, ndiye kuti madzi analowa. Anyamata otsuka magalimoto amakonda kulozetsa paipi yamphamvu ija m'kati mwa madigadi, ndipo madziwo amadutsa m'timphira totseka pulagi. Masensa akumbuyo a Prado 120 ndi odziwika ndi vuto la madzi ndi dzimbiri m'kati. Tsukani ndi mankhwala opopera otsukira mapulagi, muumitse. Kenako tsatirani waya ndi zala mpaka pomwe walowa m'thupi la galimoto, chifukwa amatha kuduka m'kati chikopa chake chili bwinobwino, makamaka pamene amapindika tayala likamayenda.

Amene muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, masensa ambiri amalandira mavolti 5 kuchokera ku kompyuta, ndipo uthenga wobwerera umayenda pakati pa 0.5 ndi 4.5. Masulani kandodo, yatsani kiyi, muyendetse kamkono pang'onopang'ono ndi dzanja, galimoto itachirikizidwa ndithu. Manambala azikwera ndi kutsika mwaulemu. Akamalumpha kapena kuima pamalo amodzi, sensa yatha. Masensa ena atsopano satumiza uthenga mwanjira imeneyi, ndiye pamafunika makina olumikiza ku pulagi ya OBD, yomwe ndi polumikizira kompyuta ya galimoto, kuti muwerenge zimene ngodya iliyonse ikuuza kompyuta, n'kuziyerekeza ndi zimene tepi yanu yapeza. Muyezenso batire, poti likafooka kompyuta imaonetsa zolakwika zomwe kulibe.

Pogula sensa ina, tengani yakaleyo m'manja muonetsetse nambala yake. Pa magalimoto ena ya kumanzere ndi ya kumanja n'zosiyana, ngakhale zimaoneka ngati mapasa. Yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa muiyese kaye musanapereke madola anu. Ndipo mukaimanga ntchito sinathe: kompyuta iyenera kuphunzitsidwa kutalika koyenera ndi makina aja, zimene amakaniko timati calibration. Apa ndi pamene ambiri amalumpha, kenako galimoto imachoka pagalaja itapendekeka pang'ono, matayala n'kumadyeka mbali imodzi, mwini wake n'kumati makaniko ndi wakuba. Ngati mulibe makinawo, gwirizanani ndi mnzanu amene ali nawo, ndipo mtengo wake muuuze mwini galimoto ntchito isanayambe.

Inu amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi, kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, galimoto itadzaza katundu, chitani zoyeza za usiku umodzi zija kudakali sabata ziwiri. Sensa yonama imachititsa kompuresa kupopa osapuma mpaka kupsa, ndipo m'kutentha kwa ku Tete sizichedwa. M'bokosi la masipanala muikemo kandodo kapadera, fyuzi ndi tepi yanu ija.