Kulowa mu kompyuta ya kunyumba muli kutali

Mwafunsa mmene mungatsegulire port (khomo la nambala lolowera kuchokera pa intaneti) pa rauta kuti muzilowa mu kompyuta ya kunyumba muli kuntchito.

Yambani ndi kuona ngati zingatheke n'komwe. Pa browser lembani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pa marauta a Huawei a 4G nthawi zambiri ndi 192.168.8.1, kenako pa tsamba la rauta lomwe latsegukalo pezani WAN IP, adiresi ya panja ya rauta yanu pa intaneti. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, musadzivutitse: kampani yanu ya intaneti ikugawa adiresi imodzi kwa anthu ambirimbiri, njira yotchedwa CGNAT, ndipo port simungaitsegule. Izi zimachitika kwambiri pa intaneti ya simu kadi. Zikatero ikani Tailscale, pulogalamu yolumikiza makompyuta popanda kutsegula port, pa makompyuta onse awiri.

Ngati adiresiyo ndi yanuyanu, yatsani Remote Desktop, pulogalamu ya Windows yolowera mu kompyuta muli kutali, pa kompyuta ya kunyumba. Imafuna Windows Pro, chifukwa Windows Home silola kulowamo kuchokera kutali. Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, mukopere IPv4 Address, mwachitsanzo 192.168.0.105. Mu rauta, pa DHCP (gawo logawa maadiresi ku zipangizo za m'nyumba), isungireni kompyutayo adiresi imeneyi. Ambiri amaiwala apa, ndiye magetsi akathima n'kuyakanso adiresi imasintha, zonse zimaima.

Tsopano mu rauta, pa Port Forwarding, pena amalemba Virtual Server, ikani port 3389 (ya Remote Desktop), sankhani TCP, ndi kulemba IPv4 Address ija ya kompyuta. Sungani. Lembetsani dzina laulere pa webusaiti ya No-IP, loti muzigwiritsa ntchito m'malo mwa adiresi ya panja, poti adiresiyo imasinthasintha.

Chonde, pasiwedi ya kompyutayo ikhale yaitali ndithu. Akuba pa intaneti amagogoda pa 3389 usana ndi usiku. Poyesa, zimitsani Wi-Fi pa foni, mugwiritse ntchito data kuti mulowe ngati muli kunja.