Musanalembetse kosi ya coding, tengani kaye kope

Inu amene mukufuna kusiya ntchito n'kuyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta (coding), musanalipire kosi iliyonse lembani m'kope chimene chakutopetsani komwe muliko. Kodi ndi ntchitoyo kapena ndi abwana? Ngati ndi abwana, coding sikuchizani, pakuti nakonso mabwana aliko.

Kenako lembani chimene mukufuna kudzapanga. Kungoti "ndikufuna kudziwa coding" si cholinga. Wofuna kupanga mawebusayiti ayambe ndi zinenero za pakompyuta zotchedwa HTML, CSS ndi JavaScript. Wokonda manambala ndi matebulo a mu Excel, zinenero zomuyenera ndi SQL ndi Python. Ine ndinataya miyezi ndikudumphadumpha pa zinenero zitatu chifukwa funsoli sindinadzifunse.

Yesani kaye zaulere kwa milungu iwiri, monga maphunziro a pa intaneti a freeCodeCamp kapena kosi ya CS50 ya ku yunivesite ya Harvard. Musadandaule ngati zina sizikulowa m'mutu. Chofunika n'kuona mtima wanu pamene pulogalamu yakana kuyenda madzulo onse, maso atafiira, kenako n'kupeza kuti vuto linali bulaketi imodzi yosatseka. Ngati mukamaipeza mumamva kukoma mpaka kumwetulira nokha, pitirizani. Ngati mumangolakalaka kuponya laputopu pawindo, muganizenso bwino.

Ntchito yanu yakale musaitaye. Mphunzitsi apange kapulogalamu kowerengera malikisi a ana, namwino apange kokumbutsa nthawi yomwera mankhwala, n'kukaika pa GitHub, webusayiti yosungirapo mapulogalamu, kuti olemba ntchito aone ndi maso. Kope lija muziliwerenga pakutha pa mwezi uliwonse, ndipo kalata yosiyira ntchito iyambe yadikira.