Mphaka wosokera wafika pakhomo koma simungamusunge: mupezereni kokhala motere

Pakhomo pakafika mphaka wowonda, wolira pakhonde usiku wonse, ambiri amamugenda, ena amamuika m'thumba n'kukamutaya kumsika kapena kutchire. Ife a zaziweto zimenezi zimatimvetsa chisoni. Mphaka wotayidwa amafa ndi njala kapena kugwidwa ndi agalu, ndipo wamkazi akapulumuka sachedwa kuchulukana. Bere la mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65 basi, kenaka pamalopo pamadzaza tiana topanda mwini. Kumupezera khomo n'kotheka, koma muvomere kukhala naye milungu iwiri kapena itatu.

Yambani mwafunsa. Mphaka wa ubweya wosalala, wobwera yekha kudzadzikhuza m'miyendo mwanu, kawirikawiri ndi wa munthu wina pafupi pomwepo. Funsani oyandikana nawo, makamaka ana, chifukwa iwo amadziwa ziweto za mudzi wonse. Mujambuleni n'kuika chithunzi pa gulu la WhatsApp la m'dera lanu. Akakhala wamkazi, yang'anani kumimba. Mawere akakhala otupa, ubweya wozungulira utathothoka, ndiye kuti akuyamwitsa ndipo wabisa ana penapake, mwina kudenga kapena kunsi kwa nkhokwe. Ameneyo musamusamutse. Muzimupatsa chakudya mpaka anawo atakwanitsa milungu 8. Mwana wochotsedwa kwa make nthawi isanakwane amatsegula m'mimba ndipo safuna kudya.

Nkhani ya chiwewe isaiwalike, poti mphaka nayenso amadwala ndi kupatsira anthu ngati galu. Wotuluka dovu, woyenda mwadzandidzandi, kapena wolusa popanda womuputa, musamukhudze. Itanani alangizi a ziweto. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati bala litupe.

Pomugwira musamuthamangitse. Ikani chakudya pamalo amodzi, nthawi imodzimodzi, masiku atatu kapena anayi, uku mukusendeza mbale pang'onopang'ono kulowa m'chipinda chimene mwamukonzera. Tsiku limene wadya mtima uli m'malo, tsekani chitseko. Mukafunika kumunyamula, mufunditseni thaulo lokhuthala kuti zikhadabo zikhale m'kati. M'chipindamo muikemo katoni yokhala ndi chitenje chakale, madzi akumwa, ndi beseni la mchenga wouma loikidwa patali ndi chakudya, poti mphaka sadyera pafupi ndi pomwe amadzithandizira. Akhale payekha masiku 10, osakumana ndi ziweto zina. Nyama imene yayamba kale kupatsira chiwewe imaonetsa zizindikiro m'masiku amenewa. Onaninso ngati ali ndi zigamba zozungulira zopanda ubweya kumakutu ndi kumaso. Chimenecho chikhoza kukhala chipere, ndipo ana amachitenga msanga.

Mphaka amene wakhala ndi njala nthawi yaitali musamukhutitse tsiku loyamba, amasanza. Mpatseni masupuni awiri kanayi patsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Usipa kapena matemba muziviika kaye kuti mchere uchoke, kenaka wiritsani. Dzira lowiritsa ndi nyenyeswa za nkhuku zopanda mafupa n'zabwino. Nsima ikhale yongosakanizira, chifukwa thupi la mphaka limadalira nyama ndi nsomba. Akamadya nsima yokhayokha, maso ndi mtima zimafooka. Ndiwo za anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, ndipo mkaka wa ng'ombe, ngakhale amaunyambita mokondwa, umamutsegula m'mimba.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimapha amphaka m'manja mwa anthu ofuna kuthandiza. Choyamba ndi Panado: chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya mankhwalawa, moti ngakhale kachibenthu ka piritsi kangathe kumupha. Chachiwiri ndi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin, kapena dibi wa ng'ombe. Mphaka amayamba kunjenjemera, kenaka kukomoka. Gwiritsani ntchito okhawo olembedwa kuti ndi a amphaka.

Asanachoke m'manja mwanu aonedwe ndi dokotala wa ziweto. Alandire katemera wa chiwewe, amene amabayidwa kuyambira miyezi itatu, ndi mankhwala a njoka za m'mimba malinga ndi kulemera kwake. Koposa zonse, wamphongo afulidwe, wamkazi atsekedwe. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi kapena isanu yokha, n'kumaswa kawiri kapena katatu pachaka, ndipo ndicho chimatopetsa anthu n'kuyambanso kutaya amphaka. Wamphongo wofulidwa sayendayenda ndipo amachepetsa kukodzera makoma. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA; onsewa amachita opaleshoni yotereyi komanso amapezera ziweto makomo. Yambani mwaimba foni, chifukwa malo amatha kudzaza. Kumaboma ena funsani ku ofesi ya zaulimi.

Ofuna mphaka sasowa: eni nkhokwe, magolosale, zigayo, aliyense amene makoswe amusowetsa mtendere. Koma si aliyense wonena kuti "bweretsani" amene ali woyenera. Pitani mukaone pakhomopo ndi maso anu. Funsani ngati amathira mankhwala a makoswe, poti mphaka akadya khoswe wofa ndi poizoni nayenso amadwala kapena kufa. Funsani ngati mwininyumba amalola ziweto, ngati agalu apakhomopo anazolowera amphaka, komanso ngati banja lonse lagwirizana. Izi n'zofunika kwambiri mphaka akakhala wakuda, chifukwa pali anthu amene amamuganizira zaufiti, ndipo mmodzi yekha wamantha m'nyumba ndi wokwanira kuti mphakayo azunzike. Munthu akakuuzani kuti "chakudya ayi, azidya makoswe omwewo," muuzeni zoona: mphaka wokhuta ndi amene amakhala ndi mphamvu zosaka, pomwe wanjala amaba ndiwo, kugwira anapiye, kenaka kusamukira kumene kuli chakudya. Akakana kumva, funani khomo lina.

Pomupititsa, musamuike m'thumba. Gwiritsani ntchito dengu lokhala ndi chivindikiro kapena katoni yolimba yoboola timabowo ta mpweya, yomangidwa ndi chingwe, ndipo muikemo chitenje chija amagonapo kuti fungo lake lipite naye. Khadi la katemera lipite nalonso.

Kumene ntchito yonseyi imaonongekera ndi pa tsiku lofika. Anthu amatsegula katoni pabwalo, mphaka n'kuliyatsa liwiro kufuna kubwerera kumene wachokera, ndipo ambiri amathera pamsewu. Akhale wotsekeredwa m'chipinda chimodzi milungu iwiri kapena itatu, mawindo ali otseka. Pomupatsa chakudya eni ake atsopanowo azimuitana ndi mawu amodzimodzi kapena kugogoda mbale. Tsiku loyamba kumutulutsa likhale m'mawa asanadye, agalu atamangidwa, chitseko chili chotsegula. Pakapita mphindi zochepa agogode mbale ija kuti abwerere. Inuyo pakatha mlungu imbani foni, ndipo mugwirizane kuti zikavuta amubweze kwa inu, asakamutaye.

Pali amphaka ena obadwira kutchire amene ngakhale patapita milungu amangofwenthera munthu n'kubisala. Woteroyo musamukakamize kukhala wa m'nyumba. Abayidwe katemera, afulidwe kapena kutsekedwa, kenaka abwezedwe pomwe munamupeza ngati pali womupatsa chakudya, kapena apite ku khola kapena nkhokwe komwe mwini wavomera kumuikira mbale ya chakudya ndi madzi tsiku lililonse.