Momwe mungagwiritsire ntchito mafuta a nyama pakhomo osawononga thanzi la banja

Pa nkhani ya mafuta a nyama anthu tagawikana pawiri. Ena akangomva kuti wachibale wapezeka ndi BP, amalamula kuti khungu la nkhuku lizipita kwa galu, nyama ya nkhumba isadzalowenso pakhomo. Ena akafika ku butchala chala chimathamangira poyera: "Mundidulire ponona apo, achimwene." Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, chifukwa m'banja limodzi lomwelo mumakhala amene thupi lake likusowa mafuta ndi amene wawonjeza kale. Chimene chimalakwika m'makomo ambiri ndi kagawidwe. Ponona pamapita kwa bambo a zaka 50 amene amaswera pampando ku ofesi, mwana wa zaka ziwiri n'kumangonyambita msuzi.

Choyamba, dziwani chimene mafutawa amachita m'thupi

Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 (makalori ndi muyezo wa mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya), pamene sitachi wa mu nsima kapena mapuloteni a mu nyemba amapereka 4 okha. Kwa mwana zimenezi n'zazikulu. Kamimba kake n'kakang'ono, akamwa phala lamadzimadzi amakhuta msanga asanapeze mphamvu zokwanira. Komanso mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi ngati m'chakudya mulibe mafuta. Mukhoza kuphika maungu, mbatata yofiira m'kati, bonongwe kapena chisoso tsiku ndi tsiku, koma ngati zonse n'zongowiritsa ndi mchere, gawo lina la ubwino wake limangodutsa. N'chifukwa chake pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amaphunzitsa ku sikelo, zamafuta lili gulu palokha. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira, uthenga wongoti "pewani mafuta" sungakhale wa aliyense.

Koma mafuta a nyama ali ndi mtundu wina wochuluka umene achipatala amautchula kuti saturated fat. Ndi umene umachititsa kuti msuzi wa nyama ya ng'ombe ugwirane n'kuyera pamwamba ukazizira. Munthu akamaudya mopitirira kwa zaka, umakweza kolesterolo woipa, amene ali ngati mafuta a m'magazi, n'kumaunjikana m'kati mwa mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa. Mapeto ake amatha kukhala matenda a mtima kapena sitiroko.

Chachiwiri, pezani supuni imodzi ikhale muyezo wanu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) limalangiza kuti mafuta ogwiranawa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amene amadya makalori 2,000, amenewo ndi magalamu pafupifupi 22.

Tiziike pa supuni yaikulu yodyera. Supuni imodzi ya mafuta a nkhumba osungunula imakhala ndi magalamu pafupifupi 5 a mtundu umenewu, ya mafuta a ng'ombe pafupifupi 6, ya batala wa mkaka pafupifupi 7, ya mafuta a nkhuku pafupifupi 4. Ndiye mukathira masupuni awiri a mafuta a nkhumba mumphika wa nyemba wodya anthu asanu, aliyense walandirapo magalamu awiri basi. Palibe choopsa pamenepo. Choopsa ndi kupendeketsa botolo osayeza, kapena munthu mmodzi kumaliza yekha mbale ya nkhumba yonona madzulo aliwonse.

Musaganize kuti chilichonse cholembedwa "vegetable oil" n'chosalakwa. Mafuta a kanjedza, amene amalowa m'mafuta ophikira ambiri otchipa komanso m'majarini, pafupifupi theka lake ndi ogwirana omwewa, kuposa a nkhumba amene ali cha m'ma 40 pa 100. A mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndiye ali nawo ochepa. Tembenuzani botolo muwerenge.

Chachitatu, gulani pamalo odalirika

Mafuta abwino amachokera ku nyama yabwino. Gulani m'mawa nyama ikangofika kumene, pamalo pamene nyama imayezedwa ndi alangizi a ziweto, ndipo musachite manyazi kufunsa chidindo. Ya chiweto chodzifera chokha isiyeni, ngakhale aitchipitse bwanji. Pa nkhumba yang'anitsitsani masese, timatuza toyera tokhala ngati njere za mpunga m'mnofu. Mukaona ngakhale kamodzi, musagule chilichonse cha nkhumba imeneyo.

Funsani mafuta olimba a kufupi ndi impso kapena a kumsana. Akhale oyera, kapena achikasu pang'ono ngati ndi ng'ombe yodya msipu, osanunkha, osaterera. A m'matumbo amakhala ndi fungo, ndi bwino angodyedwa ndi nthumbwana zake tsiku lomwelo. Theka la kilogalamu ndi lokwanira poyambira.

Chachinayi, asungunuleni pa moto wochepa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo cholakwitsa chake ndi changu. Chotsani timinofu ndi magazi onse otsalira, chifukwa ndi zimene zimapserera n'kuwononga fungo. Dulani mafutawo tizidutswa tating'ono ngati nsonga ya chala. Akakhala ozizira amaduleka bwino, ofunda amangoterereka pa mpeni.

Tengani poto wokhuthala pansi, ikanimo mafutawo, thirani madzi ongonyowetsa pansi, mwina kotala ya kapu. Madziwa amateteza kuti mafuta asagwire pansi asanayambe kusungunuka, ndipo amauma okha. Pa mbaula, dikirani makala ayake n'kuyamba kuchita phulusa pamwamba, kenaka chotsaniko ena. Pa nkhuni, siyani chikuni chimodzi kapena ziwiri. Musavindikire, nthunzi iyenera kutuluka.

Poyamba mumva kuthetheka kwamphamvu ndipo mumphika muzioneka mwa mbuu. Takasani nthawi ndi nthawi ndi mthiko. Pakapita kanthawi muona tizidutswa tija tikunyala, tikusambira m'mafuta oyera mbee amene akuwira timathovu ting'onoting'ono. Utsi ukangoyamba kutuluka, moto wachuluka, phulani kaye. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri malinga ndi kuchuluka kwake. Mudziwa kuti zatheka thovu likachepa, phokoso likatsika, tizidutswa titafiira n'kukhwinyata. Thovu lija ndi madzi akutuluka, ndipo mafuta otsalira madzi sachedwa kuwonongeka, choncho musaphule msanga.

Ana akhale kutali. Mafuta otentha amawotcha kuposa madzi owira, ndipo akagwira moto musathire madzi. Vindikirani poto, moto uzima wokha.

Akazizirako pang'ono koma asanagwirane, sefani pa kansalu koyera koyala pa sefa. Tizidutswa tofiira totsala pansaluyo musataye. Tisinjeni pang'ono mukathire mu nyemba, mu mpiru kapena mu kabichi, ndipo tsiku limenelo simufunikanso mafuta ena. Khungu la nkhuku ndi mafuta achikasu a kumimba kwake mungazisungunulenso chimodzimodzi, zimatenga nthawi yochepa.

Chachisanu, sungani pouma ndi pamdima

Botolo lagalasi lotsukidwa ndi madzi otentha n'kuumitsidwa bwinobwino, lokhala ndi chitsekerero chogwira. Potapa gwiritsani supuni youma, osati imene yachokera mumphika. Mufiriji amakhala miyezi ingapo. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi akuzimazima, sungunulani ochepa oti athe pa sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala komanso kumadera otentha ngati ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Akayamba kununkha mwachilendo, kuwawa pa lilime kapena kuchita nkhungu, atha ntchito.

Lembani pa botolo kuti ndi a nyama yanji. Asilamu ndi a Seventh Day sadya nkhumba, ndipo si ulemu kum'patsa mlendo ndiwo zamasamba zokazingira mafuta a nkhumba osamuuza.

Chachisanu ndi chimodzi, gawani moona amene akufunika

Mwana wosafika miyezi isanu ndi umodzi ayamwe mwakathithi. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi mafuta ake, pafupifupi theka la mphamvu zake limachokera mmenemo. Akayamba kudya, phala lake likhale lolimbako, loti silikuyenderera pa supuni, ndipo muzithiramo kasupuni kakang'ono ka mafuta, nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja. Mwana wosafika zaka ziwiri sayenera kumanidwa mafuta chifukwa choti agogo ake ali ndi BP. Zakale zija zoti mwana asadye mazira zilibe umboni wa chipatala, dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zabwino kwambiri zimene mungam'patse.

Mayi woyamwitsa, munthu amene akuchira ataonda ndi matenda, ndi amene amaswera ndi khasu kumunda kapena kupalasa kabaza, nawonso matupi awo amagwiritsa ntchito zimene adya. Kwa mayi woyembekezera chenjezo lili pa chiwindi: chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri moti kuchidya pafupipafupi kungavulaze mwana m'mimba. Afunse ku sikelo.

Amene ayenera kuchepetsa ndi akuluakulu onenepa, a BP, a shuga, ndi amene adauzidwapo za mtima kapena kolesterolo. Kuwaphikira mphika wawokha n'kodula, ndipo sikofunika. Phikani nyama, isiyeni izizire pang'ono, yengulani mafuta oyandama pamwamba muwasunge a ndiwo za mawa. Pogawa, iwo apatseni mnofu wopanda khungu, masamba ambiri, mchere wochepa. Ndikudziwa kuti kupereka ntchafu kwa mwana bambo akuona si nkhani yapafupi m'makomo ena. Kambiranani nkhuku isanaphedwe, osati mbale zili pa mphasa.

Chachisanu ndi chiwiri, sinthanitsani

Botolo lanu lija lisalowe m'malo mwa mafuta ena onse. Mafuta ophikira ovomerezeka pa msika wa ku Malawi amayenera kuwonjezeredwa vitamini A, ndipo a nkhumba kapena a ng'ombe osungunula alibe vitamini ameneyu wokwanira kutchulidwa. Kotero tsiku lina kazingirani a m'botolo la kugolosale, lina tenderani ndi nsinjiro, lina dyani mapeyala, a nyama n'kumabwera kawiri kapena katatu pa sabata. Vitamini A amawonongeka ndi kuwala, ndiye mafuta omanga m'timapepala amene aswera padzuwa pa benchi musawadalire kwenikweni pa zimenezi.

Ndipo mukamva kuti mafuta a nyama musamangoganiza za ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Mafuta a nsomba ndi osiyana, ali ndi omega-3 amene amathandiza mtima ndi ubongo wa mwana. Usipa, utaka ndi matemba timadya zonse, mutu ndi minga yomwe, kotero timapezamonso kashiamu wolimbitsa mafupa. Ngati ndalama ya ndiwo ndi yochepa ndipo muyenera kusankha pakati pa kachidutswa konona ka ng'ombe ndi mulu wa usipa, ine ndingatenge usipa. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimadzikazinga ndi mafuta ake omwe, osathirako kanthu. Mkaka ndi chambiko nazo zimabwera ndi mafuta pamodzi ndi mapuloteni, zomwe botolo la mafuta okhaokha silingakupatseni.

Chimene chimasokoneza masamu onsewa nthawi zambiri si mphika wa pakhomo. Ndi pa chiwaya masana, pamene nyama yonona imakazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda, n'kudyedwa ndi tchipisi ndi mchere wambiri. Ndi soseji ndi polony, zimene zimabisa mafuta ndi mchere wochuluka, ndipo mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Kudya kanyenya mwa apo ndi apo sikupha munthu. Koma ngati bambo adya pa chiwaya masana, tsiku limenelo muyezo wawo wakwana kale, madzulo alandire nyemba ndi nkhwani wotendera. Ndipo aliyense wopitirira zaka 40 pakhomopo akayezetse BP ku chipatala chapafupi, chifukwa imakwera munthu osamva kupweteka paliponse.